Mmene Mungaphunzitsire Kosi ya Kusiyanasiyana kwa Zamoyo kwa Ophunzira a Chaka Choyamba pa Yunivesite

Aphunzitsi ambiri a bayoloji amene amapatsidwa kosi ya chaka choyamba yonena za kusiyanasiyana kwa zamoyo amapunthwa pamalo amodzimodzi. Amayamba modekha ndi mabakiteriya, amafika pa zomera semesita itadutsa kale pakati, kenako nyama zonse, kuyambira nyongolotsi mpaka njovu, amazikhuthulira ophunzira m'masabata awiri omaliza. Ophunzirawo amachezera usiku kuloweza mayina a Chilatini ndipo mayeso amakhoza ndithu, koma pakatha mwezi umodzi, mukawaikira patebulo bowa, chimanga ndi nyama ya mbuzi n'kuwafunsa kuti ziwiri zapachibale kwambiri ndi ziti, ambiri amaloza bowa ndi chimanga. Yankho lolondola ndi bowa ndi mbuzi, ndipo wophunzira amene sangathe kufotokoza chifukwa chake sanapindule ndi kosiyo, ngakhale atapeza malikisi apamwamba.

Malangizo awa ndalembera inu amene mukuphunzitsa ku Dedza kapena ku Ntcheu, komanso inu amene mungathe kufika kuno ndi ophunzira anu ngakhale tsiku limodzi lokha. Mfundo imene ndikuyendera ndi yakuti kosi imeneyi iyenera kumangidwa pa ubale wa zamoyo, ndipo ubalewo uzionetsedwa ndi zinthu zimene wophunzira angathe kuzigwira ndi manja ake.

Zofunika kukhala nazo

- Maikulosikopu imodzi pa ophunzira anayi aliwonse, pamodzi ndi timagalasi ta slide ndi cover slip. Ngati m'sitolo ya labu muli maikulosikopu akale ogwiritsa ntchito kalilole ndi kuwala kwa dzuwa, musawanyoze, chifukwa ndi amene adzakupulumutseni tsiku limene magetsi athima.
- Magalasi a m'manja okulitsa zinthu ka 10.
- Mabotolo otsukidwa bwino okhala ndi zivindikiro zothina, monga a jamu kapena a chiponde, ndi ethanol wa 70 peresenti.
- Manyuzipepala akale, makatoni, matabwa awiri ofanana ndi mphira zomangira, zoti mupanire zomera.
- Chingwe cha mamita 45, tepi yoyezera ndi zikhomo.
- Ukonde wogwirira tizilombo wosokedwa ndi nsalu yopyapyala. Neti yonyikidwa m'mankhwala opha udzudzu siyenera ntchito imeneyi.
- Kope la chikuto cholimba ndi pensulo kwa wophunzira aliyense.
- Foni yokhala ndi kamera ndi GPS, imodzi pa gulu lililonse.
- Magolovesi, majombo a mphira ndi bokosi la chithandizo choyamba.
- Chilolezo cholembedwa chochokera ku ofesi ya zankhalango ya m'boma lanu, ngati mudzalowa m'nkhalango yotetezedwa.

1. Gawani masabata musanalembe manotsi alionse

Tengani kalendala ndipo mulembe mutu pa sabata iliyonse. Ngati muli ndi masabata 14 ophunzitsa, awiri oyamba akhale a mayina ndi mtengo wa ubale, awiri a mabakiteriya, archaea (tamoyo ta selo imodzi tooneka ngati mabakiteriya) ndi mavairasi, imodzi ya ma protist (zamoyo za nyukiliyasi zimene si zomera, nyama kapena bowa), awiri a bowa, atatu a zomera, ndi anayi a nyama. Mukagawa, mamatizani pepalalo pachitseko cha labu kuti ophunzira akhale mboni zanu, ndipo sabata ya mutu wina ikatha, sunthani ngakhale mutatsala ndi zambiri zoti munene.

Chenjezo ndi lakuti kalendala ya yunivesite sifunsa nyengo. Bowa, ngumbi, achule ndi ndere zanthete zimapezeka mosavuta kuyambira Disembala mpaka Malichi, pamene mu Juni ndi Julayi, kuno kukazizira, mungayende m'nkhalango tsiku lonse osaona bowa wofewa ndi mmodzi yemwe. Ngati kosi yanu imagwa m'chilimwe, sonkhanitsiranitu ndi kuumitsa zitsanzo m'dzinja la chaka chomwecho. Ngati yayamba mvula ili pafupi kutha, musaope kubweretsa mutu wa bowa kumayambiriro.

2. Phunziro loyamba lichokere kumsika

Tsiku loyamba musayatse pulojekita. Pitani pamsika wa Lizulu kapena wa pa boma dzulo lake ndipo mugule pang'onopang'ono mbatata ya kachewere, mbatata ya kholowa, tomato, mabilinganya, kabichi, mpiru, mtedza, nzama, khobwe, nandolo, ndi nyemba zamitundu inayi kapena isanu. Ikani mulu pa gulu lililonse n'kuwauza kuti azigawe monga mwa ubale wake, ndipo alembe chifukwa cha kagawidwe kawo.

Kawirikawiri mbatata ziwirizo aziika pamodzi, popeza dzina ndi limodzi ndipo zonse zimakumbidwa pansi. Apa ndi pamene phunziro limayambira. Aonetseni duwa la kachewere pambali pa duwa la tomato, ndipo adzaona okha kuti n'zofanana kapangidwe. Kachewere ndi Solanum tuberosum, tomato ndi Solanum lycopersicum, mabilinganya ndi Solanum melongena, pamene kholowa ndi Ipomoea batatas, wa banja lina lotchedwa Convolvulaceae. Ndiponso chimene timadya pa kachewere ndi tsinde lotupa lokhala ndi maso, pamene pa kholowa timadya muzu. Chimodzimodzinso nzama ndi mtedza: zonse zimaberekera pansi, koma nzama ndi Vigna subterranea, mbale weniweni wa khobwe amene ndi Vigna unguiculata, pamene mtedza ndi Arachis hypogaea. Nyemba zija zosiyana maonekedwe, zofiira, zoyera ndi zamawangamawanga, zonse ndi Phaseolus vulgaris.

Pamenepo mwaphunzitsa kale kuti kufanana kwa maonekedwe kungathe kunyenga, kuti kusiyana kwa maonekedwe nakonso kunganyenge, komanso chifukwa chimene dzina la mawu awiri limene Carl Linnaeus anakhazikitsa pa zomera mu 1753 likugwirabe ntchito. Samalani ndi mawu akuti mtundu mukamafotokoza m'Chichewa, chifukwa timawagwiritsa ntchito pa species, pa genus, pa mbewu za makono ndiponso pa anthu. Gwirizanani ndi kalasi kuti pa nkhani za sayansi mudzinena species ndi genus monga momwe alili. Aphunzitseninso tsiku lomwelo kalembedwe kake, kuti dzina loyamba limayamba ndi chilembo chachikulu, lachiwiri ndi chaching'ono, ndipo polemba pamanja onse awiri amadulidwa mzere kunsi.

3. Phunzitsani kuwerenga mtengo wa ubale

Sitepe iyi ndi msana wa kosi yonse, choncho musaithamangire. Mwayi umene tili nawo kuno ndi wakuti ophunzira athu amabwera akudziwa kale kulondola ubale. Mwana wokulira kwa Kachere kapena kwa Kaphuka amadziwa tanthauzo la kunena kuti anthu awa ndi a bele limodzi, ndiye kuti onse amachokera kwa gogo mmodzi wamkazi. Pemphani wophunzira mmodzi kuti ajambule pabolodi banja longopeka la mibadwo inayi, kenako mufunse kalasi ngati msuweni wa munthu angakhale kholo lake. Adzakana msanga, n'kunena kuti asuweni amangokumana pa agogo. Auzeni kuti zamoyo zonse zimene zilipo lero zili ngati asuweni, ndipo palibe chimene chili kholo la chinzake.

Mukatero jambulani mtengo wa zamoyo ndipo mukhomereze zinthu zitatu. Choyamba, zamoyo za lero zili kunsonga, ndipo makolo ali pamphanda. Chachiwiri, ubale umayezedwa pobwerera m'mbuyo mpaka pamphanda pamene nthambi ziwiri zakumana, osati poona zimene zayandikana kunsonga. Bweretsani m'kalasi nthambi yeniyeni ya mphanda, muitembenuze pamaso pawo kuti nsonga yakumanja ipite kumanzere, ndipo muwafunse ngati mphandayo yasintha. Chachitatu, gulu loona, limene mabuku amalitcha clade, ndi kholo limodzi pamodzi ndi zidzukulu zake zonse popanda kusiyapo ndi mmodzi yemwe, monga momwe simungawerengere anthu a bele limodzi n'kuchotsapo mdzukulu wina chifukwa chakuti iye ndi wamtali kuposa anzake.

Zitsanzo zikhale zodabwitsa koma zakwathu. Ng'ona ndi yapachibale kwambiri ndi nkhuku kusiyana ndi buluzi, kotero gulu la zokwawa limene lasiya mbalame kunja si gulu lathunthu. Mbira imene imaothera dzuwa pamatanthwe a phiri la Dedza ili pafupi ndi njovu kusiyana ndi mbewa, pamene mbira yoweta m'nyumba, imene inachokera ku South America, ili m'gulu la mbewa. Mleme ndi mbalame zonse zimauluka, koma mleme umayamwitsa, ndipo kuuluka kunayamba padera mumzere uliwonse. Nenaninso poyera pamene fanizo la banja limathera: m'banja mwana amakhala ndi makolo a mbali ziwiri, pamene pamtengo uwu mzere umodzi umagawika n'kukhala iwiri.

M'sabata imeneyi wina adzafunsa ngati mukutanthauza kuti munthu anachokera kwa nyani. Funsolo liyankheni mwaulemu ndi molunjika, chifukwa ambiri mwa ophunzira athu ndi anthu opemphera ndipo amafunsa ndi mtima wonse. Sayansi sinena kuti nyani wa m'phirimu ndi kholo la munthu. Imanena kuti munthu ndi chimpanzi anakumana pa kholo limodzi zaka pafupifupi 6 kapena 7 miliyoni zapitazo, ndipo mphanda yathu ndi nyani ili kumbuyo kwambiri kuposa pamenepo. Afotokozereni kuti mayeso adzafuna kuti adziwe umboni wa mafupa, wa kapangidwe ka thupi ndi wa DNA, ndipo kuti simudzafunsa munthu za chikhulupiriro chake. Mphunzitsi amene amaseka funso limeneli amataya theka la kalasi tsiku lomwelo.

4. Aonetseni kutalika kwa nthawi ndi chingwe

Tambasulani chingwe cha mamita 45 pabwalo, mita imodzi kuimira zaka 100 miliyoni, kotero chingwe chonse chikuimira zaka pafupifupi 4.5 biliyoni za dziko lapansi. Poyeza kuchokera kunsonga ya lero, khomani chikhomo pa mamita 35 pamene pali umboni wa zamoyo za selo imodzi, china pa mamita 24 pamene mpweya wa okosijeni unayamba kuchuluka, china pa mamita 5.4 pamene magulu ambiri a nyama amayamba kuoneka m'miyala, ndi china pa masentimita 66 pamene madayinoso osauluka anatha. Homo sapiens, wa zaka pafupifupi 300,000, amatenga mamilimita 3 okha. Akumbutseni kuti mafupa a dayinoso wotchedwa Malawisaurus anafukulidwa ku Karonga, kuti asaganize kuti mbiri imeneyi inachitikira kunja kokha. Ophunzira ayeze okha, chifukwa wophunzira amene wayenda mamita pafupifupi 30 kuchokera pa chikhomo cha zamoyo za selo imodzi asanafike pa cha nyama sadzafunsanso chifukwa chimene mabakiteriya alandirira masabata awiri.

5. Zamoyo zosaoneka ndi maso

Vuto la mutu uwu ndi lakuti ophunzira amabwera akudziwa mabakiteriya ngati oyambitsa kolera ndi chifuwa chachikulu basi. Yambani ndi mbali inayo. Zulani soya kapena mtedza ndi mizu yake, tsukani, ndipo aliyense ang'ambe kachotupa kamodzi ka pamuzu ndi lezala. Kamene kakugwira ntchito kamakhala kofiirira mkati, ndipo m'menemo ndi mmene mabakiteriya a gulu la rhizobia amatengera nayitulojeni wa mumpweya n'kumusandutsa chakudya cha mbewu. Chambiko nachonso ndi ntchito ya mabakiteriya. Mukafika pa archaea, imene Carl Woese ndi George Fox anaizindikira kuti ndi gulu lapadera mu 1977, tchulani imene imakhala m'mimba mwa ng'ombe ndi kupanga mpweya wa methane, ndipo muonetse pamtengo kuti mzere wathu wa maselo okhala ndi nyukiliyasi uli pafupi ndi archaea kusiyana ndi mabakiteriya.

Za ma protist, nyikani udzu wouma m'madzi a padambo mubotolo losatseka kwa masiku asanu kapena asanu ndi awiri, ndipo dontho limodzi lotengedwa pamwamba lidzadzaza maikulosikopu ndi tamoyo tosambira. Ayambe ndi galasi lokulitsa pang'ono asanapite pa la 40, ndipo pa la 40 asagwiritsenso ntchito chopotokola chachikulu, chifukwa ma slide ambiri amasweka motero.

Chitsanzo chimene sindichisiya ndi chiwawu cha kachewere ndi tomato, chimene mlimi aliyense wa ku Bembeke ndi ku Tsangano amachidziwa kukakhala chinyezi ndi kuzizira. Chimayamba ndi Phytophthora infestans, yomwenso inaononga mbatata ku Ireland kuyambira mu 1845. Imamera ulusi ngati chuku, koma si bowa ayi. Khoma la maselo ake lili ndi cellulose ndipo abale ake ndi ndere zabulawuni za m'nyanja zamchere. Ikani pambali pake Plasmodium woyambitsa malungo, ndipo kalasi idzaona kuti dzina lakuti protist lili ngati dengu limene munaponyedwa zamoyo zosiyana mizere.

Chenjezo lalikulu apa ndi la chitetezo. Musalole ophunzira kumeretsa tizilombo tochokera m'kamwa, pachilonda kapena kuchimbudzi. Mbale iliyonse imene mwamera zinthu imatidwe ndi tepi, isatsekulidwenso, ndipo iphikidwe mu autoclave kapena mu pressure cooker isanatayidwe.

6. Bowa

Makolo athu anali patsogolo pa mabuku akale pa nkhani iyi. Mabukuwo ankaika bowa m'gulu la zomera, pamene kumudzi bowa satchedwa masamba, ndipo amayi akamayamikira ndiwo ya bowa amaifanizira ndi nyama. Yambirani pamenepo, kenako muonjezere umboni: bowa sapanga chakudya chake ndi kuwala kwa dzuwa, khoma la maselo ake lili ndi chitin amene amapezekanso m'chikhungwa cha chiwala, ndipo amasunga chakudya ngati glycogen monga zimachitira nyama. Aonetseninso malire a kagawidwe ka kumudzi, kamene bowa wosadyedwa kamangomutcha chilombo, pomwe kwa sayansi wodyedwa ndi wakupha angathe kukhala a genus imodzi, monga zilili ndi Amanita.

Mulabu, siyani chidutswa cha buledi kapena cha nsima m'pepala la pulasitiki kwa masiku angapo kuti aone ulusi wa chuku ndi timitu take takuda. Dulani chipewa cha bowa, chivundikireni papepala usiku umodzi, ndipo m'mawa mudzapeza njere zake zosaoneka ndi maso zitajambula mizere. Chuku cha pa mtedza ndi chimanga chosauma bwino, Aspergillus flavus, chimene chimapanga poizoni wa aflatoxin, chionetsedwe chili m'botolo lotseka ndipo wina asachinunkhize.

Mbali imene ndimaikonda kwambiri, imenenso ophunzira amaikumbukira, ndi ya mgwirizano. Bowa wa pachulu, wa genus ya Termitomyces, amalimidwa ndi chiswe mkati mwa chulu. Bowa wambiri wogulitsidwa m'mbali mwa msewu wa M1 nthawi ya dzinja, monga manyame ndi ndelema, amakhala molumikizana ndi mizu ya mitengo ya miombo ndi ya masuku, ndipo amapatsa mtengo madzi ndi michere ya m'nthaka, mtengowo n'kumubwezera shuga. Mitengoyo ikadulidwa n'kuotchedwa makala, bowa wa mtundu umenewu amasowa pamalopo. Funsani kalasi ngati alipo amene agogo ake amadandaula kuti bowa anachepa, ndipo muwasiye alumikize okha nkhani ziwirizo. Lamulo la labu likhale losasinthika, lakuti palibe kulawa bowa aliyense, ngakhale wophunzira atanenetsa kuti kwawo amadya.

7. Zomera: funsani funso limodzi pa magulu onse

M'malo molemba mndandanda wa zizindikiro, funsani magulu anayi onse kuti chomera ichi chimathana bwanji ndi kusowa kwa madzi pamtunda. Moss wa pamatanthwe ndi pamakungwa alibe mitsempha yeniyeni yoyendetsa madzi, n'chifukwa chake satalika. Fern, amene ndi wochuluka m'mapiri a Dedza, ali ndi mitsempha koma amafunabe madzi kuti umuna usambire kukafika pa dzira. Paini wa Pinus patula, amene anachokera ku Mexico n'kudzalidwa m'mapiri athu, ali ndi mungu wouluka ndi mphepo komanso njere. Zomera zamaluwa zinaonjezera duwa ndi chipatso. M'Chichewa mawu akuti ndere timatchulira algae, moss ndi lichen, choncho ikani zitatuzi patebulo limodzi kuti azisiyanitse, ndipo adziwe kuti lichen ndi bowa wokhala pamodzi ndi algae kapena cyanobacteria.

Pamene ambiri amasokonekera ndi pa kusinthana kwa mibadwo ya gametophyte (wopanga umuna ndi mazira) ndi sporophyte (wopanga ma spore, tinjere tosaoneka ndi maso). Musajambule zithunzi zinayi zosiyana. Jambulani chimodzi, muchibwereze kanayi ndi choko cha mitundu iwiri, ndipo pa gulu lililonse mufunse kuti chobiriwira chimene tikuchionachi ndi mbadwo uti.

Wophunzira aliyense apane zomera zisanu zokhala ndi duwa kapena chipatso. Nyuzipepala isinthidwe tsiku lililonse kwa masiku oyamba, apo ayi zomerazo zidzachita chuku, makamaka m'chinyezi cha kuno.

8. Nyama: kapangidwe ka thupi kakhale patsogolo

Musayese kutchula phylum iliyonse. Sankhani magulu asanu ndi atatu kapena asanu ndi anayi ndipo pa lililonse mufunse za kufanana kwa mbali za thupi, za njira ya chakudya, za mfundo za thupi ndi za chimene chimalimbitsa thupilo. Nyongolotsi, msundu, nkhono, bongololo, nkhanu, kangaude, nkhupakupa ndi chiwala n'zosavuta kupeza. Perekani sabata yathunthu kwa arthropod, nyama za chikhungwa cholimba ndi miyendo ya mfundo, chifukwa mwa species pafupifupi 2 miliyoni zimene zinapatsidwa mayina, pafupifupi theka ndi tizilombo ta miyendo isanu ndi umodzi. Awerengetseni miyendo, kuti aone kuti nkhupakupa yaikulu ili ndi isanu ndi itatu ngati kangaude.

Pa nsomba gulani chambo, utaka, mcheni, usipa ndi mlamba zaziwisi. Zitatu zoyambazo ndi ma cichlid, banja limene m'nyanja ya Malawi muli species zake mazanamazana, ndipo zambiri sizipezeka kwina kulikonse padziko. Atsekule kukamwa ndi kuyerekeza mano ndi nsagwada, kenako alosere chakudya cha nsomba iliyonse asanang'ambe mimba. Usipa si wa banja limeneli. Uli pafupi ndi mpasa, imene imakwera mitsinje ngati Linthipe kukaswana. Gulu lililonse lilembe kiyi ya mafunso a mayankho awiri yosiyanitsira nsomba zisanuzo, kenako magulu asinthane makiyi, chifukwa kiyi imayesedwa ndi munthu amene sanailembe.

9. Konzani ulendo umodzi wa kutchire

Dedza ali ndi mwayi umene maboma ambiri alibe. Nsonga ya phiri ili pafupifupi mamita 2,200 pamwamba pa nyanja yamchere, boma lili pafupifupi mamita 1,600, ndipo mukatsika Khwekhwelere kupita ku Golomoti ndi Mtakataka mumayandikira nyanja imene ili pansi pa mamita 500. M'tsiku limodzi ophunzira amadutsa paini ndi udzu wa m'phiri, miombo ya pamtsetse, mpaka milambe ya kuchigwa chotentha.

Pitani nokha sabata imodzi ulendo usanachitike kuti mukasankhe malo oimapo ndi kukaonekera kwa amfumu a deralo. Ku Chongoni, kumene kulinso koleji ya zankhalango ndi zanyama zakutchire, yezani malo a mamita 20 m'litali ndi 20 m'lifupi, ena m'paini ndi ena m'miombo. Gulu lililonse liwerenge species za mitengo, za zomera zapansi ndi za tizilombo ta m'zinyalala za masamba, ndipo lilembenso kuchuluka kwa chilichonse, chifukwa malo a mitengo 50 ya species imodzi ndi osiyana kwambiri ndi malo a mitengo 50 ya species khumi. Tengani munthu wa m'deralo wodziwa mitengo ndipo mumulipire, popeza iye adzatchula mombo, tsamba, msuku, muwanga ndi mlombwa mofulumira kuposa kiyi iliyonse. Ophunzira alembe dzina la kumudzi ndi la sayansi moyandikana.

Machenjezo apa ndi angapo ndipo onse ndi olemera. Mitengo yachilengedwe yokhwima kwambiri m'midzi yambiri ili kumanda, ndipo maso a mphunzitsi wa zomera amakopeka nayo, koma kumanda ndi kudambwe sikulowedwa popanda chilolezo cha eni mudzi, ndipo akakana musaumirire. Zojambula za pamiyala za ku Chongoni, zimene UNESCO inazilemba m'kaundula wake mu 2006, zisakhudzidwe kapena kuthiridwa madzi pofuna kuti zioneke bwino pachithunzi. Kuchigwa wina asalowe m'madzi odikha opanda majombo ndi magolovesi, chifukwa nkhono za Bulinus zimafalitsa likodzo. Mwala kapena chipika chitembenuzidwe ndi ndodo, chotsekukira kutali ndi munthu, kenako chibwezeredwe mmene chinalili.

10. Mayeso afanane ndi zimene mwaphunzitsa

Ngati mwaphunzitsa ubale koma mayeso akufunsa mndandanda wa zizindikiro, ophunzira adzabwerera ku kuloweza. Ikani gawo lalikulu la malikisi pa ntchito ya manja: matebulo khumi, lililonse lili ndi chamoyo ndi funso limodzi, mphindi zitatu patebulo. Pa mayeso olemba apatseni mtengo wa ubale umene sanauonepo kuti awerenge, kapena tebulo la zizindikiro kuti amange mtengo wawo. Kope la kutchire nalonso lichongedwe, ndipo chojambula chiweruzidwe ndi kulondola kwake osati kukongola.

Zolakwa zimene zimachitika kawirikawiri

Cholakwa chofala kuposa zonse ndi kulankhula za zamoyo zotsika ndi zapamwamba, ngati kuti moss akuyesetsa kuti adzakhale mlambe. Mawu amenewa amagwetsa zonse zimene munamanga m'sitepe yachitatu, ndipo amatuluka m'kamwa mwa mphunzitsi iye asakudziwa, makamaka akamaika munthu kunsonga yakumanja kwa mtengo uliwonse. Nthawi zina ikani bowa kapena chiwala kumeneko.

Chachiwiri ndi kuphunzitsa maufumu asanu a Robert Whittaker a mu 1969 ngati kuti ndi pamene nkhani inathera. Ophunzira ambiri amabwera nawo kuchokera kusekondale, choncho atchuleni, koma muonetse kuti kuyambira mu 1990 zamoyo zimagawidwa m'zigawo zitatu za Bacteria, Archaea ndi Eukarya, ndiponso kuti kagawidwe kamasintha umboni watsopano ukapezeka.

Ena amadalira zithunzi za m'mabuku a kunja mpaka wophunzira amadziwa mtengo wa oak koma osadziwa kuti mombo, umene nyemba zake zimaphulika m'chilimwe, ndi wa banja limodzi ndi nandolo. Enanso amakhulupirira dzina lililonse limene foni yapereka. Pulogalamu ya iNaturalist ndi yothandiza kusunga zithunzi ndi malo, koma dzina limene yapereka liyesedwe ndi kiyi, ndipo chomera chovuta chitumizidwe ku National Herbarium ku Zomba.

Kusonkhanitsa mopyola muyeso nakonso ndi cholakwa. Kalasi ya anthu 100 ikathyola chomera chimodzi chosowa, imachitheratu pamalopo, choncho zimene zili zochepa zingojambulidwa, ndipo nyama za msana zisaphedwe chifukwa cha kosi ya chaka choyamba.

Pomaliza pali nkhani ya zikwangwani za zitsanzo. Botolo lopanda kapepala konena malo, tsiku, mtundu wa malowo ndi dzina la wotola silingathandize kalasi ya chaka chamawa. Kapepalako kalembedwe ndi pensulo ndi kuikidwa mkati mwa botolo, chifukwa inki ya bolopeni imasungunuka mu ethanol ndipo chomatidwa kunja chimamatuka ndi chinyezi. Zomera zouma ndi tizilombo tobayidwa pa mapini muziike mufiriza kwa masiku angapo musanazisunge m'kabati yotseka bwino, ndipo muzizionanso kumayambiriro kwa dzinja lililonse, nthawi imene chuku ndi tizilombo todya zouma zimachuluka.